Roketi Imene Ndinaidula ndi Sizasi ya Amayi

Mpaka lero sindisongola pensulo ndi makina. Ndimatenga kampeni, ndipo tizipalo ta mtengo tikayamba kugwera pa tebulo, fungo lake la mkungudza limandibwezera ku Hamilton, m'chipinda chapansi cha nyumba ya agogo Sakala, momwe fungolo linkasakanikirana ndi la mafuta a ng'anjo yotenthetsera nyumba, la makatoni achinyezi, ndi kautsi kowawa ka m'mafakitale a zitsulo kamene kankalowera pa kazenera mphepo ikamachokera kunyanja. Ndimamvanso phokoso la m'nyumbamo: ng'anjo ikudzuka mwadzidzidzi ngati lole yokwera chitunda, wailesi ikung'ung'udza zanyengo, ndi bondo la agogo likuthetheka pa sitepe iliyonse pamene ankatsika.

Sanali agogo anga enieni. Ife tinali a ku Ntcheu, iwo a ku Katete, ku Zambia. Tinafika ku Canada m'chaka cha 1990, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Bambo ankaphunzira pa yunivesite. Amayi ankasamalira okalamba masana, ndipo akaweruka ankasoka. Nyumba yathu ndi ya agogo Sakala zinali zogundana khoma. M'mawa wina amayi anamva munthu akukalipira galimoto yokana kulira, m'chinenero chathu chomwe, ndipo anatuluka tepi yoyezera ili m'khosi kukamupatsa moni pa mpanda. Kuyambira tsikulo ndinalamulidwa kuwatchula kuti agogo, kuwakolopera m'nyumba Loweruka lililonse, ndi kuwakokolera chipale chofewa pakhomo nthawi yozizira. Akazi awo anali atamwalira, ndipo ana awo ankakhala kutali, kumadzulo kwa dzikolo.

Anali munthu wovala tayi ngakhale pokataya zinyalala. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yojambula mapulani: poyamba ku migodi ya ku Zambia, kenaka ku America komwe a mishoni anawatumiza kukaphunzira, ndipo potsiriza m'kampani ina ya zitsulo ku Hamilton komweko. Atapuma pa ntchito, pensulo sinachoke pa khutu lawo. Ndikajambula mzere wokhota m'kope la masamu, ankautsata ndi chikhadabo n'kunena mu Chinyanja chawo chija: "Nangondo, mzere uliwonse ni lonjezo kwa munthu amene suzamuona." Nangondo ndi dzina langa la mfunda, ndipo ku Canada konse ndi iwo okha amene ankandiitana choncho.

Panali nkhani imodzi imene agogo ankaikonda, ndipo ndi imene inkawachotsera ulemu pa gulu. Ankati ali ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ofesi yaing'ono imene ankagwiramo ntchito inapatsidwa zojambula za roketi yaikulu kuposa iliyonse imene inalipo masiku amenewo. Sankadzikweza. Ankanena poyera kuti iwo sanali injiniya. Ntchito yawo inali yoika pa pepala, mwaukhondo, zimene akuluakulu aganiza. Roketiyo, ankatero, sinali yaitali ndi yosongoka ngati za pa kanema, koma yaifupi ndi yonenepa ngati nkhokwe ya mlimi wolemera. Chachilendo chake chinali chakuti sinali yotaya. Maroketi a nthawi imeneyo ankagwira ntchito kamodzi n'kupsa kapena kumira. Iyi inkayenera kukasiya katundu wake kumwamba, kubwerera, kutera pa nyanja n'kuyandama, kukokedwa ndi sitima mpaka ku doko, kutsukidwa mchere, kuthiridwa mafuta, n'kupitanso.

"Ukakwera basi ya ku Chipata, ukafika umaitentha basiyo?" ankafunsa motero.

Koma roketiyo sinapangidwe. Inathera pa pepala, ndipo ofesi itauzidwa kuti isiye ntchitoyo, bwana wawo anawalola kutenga pepala limodzi mwa amene ankapita kotayidwa.

Amalawi ndi a ku Zambia a m'chigawocho tinkasonkhana kangapo pa chaka, ndipo amene ankatsogolera kuwaseka agogo anali a Makwinja, bambo wa ku Zomba wa mawu aakulu, woyang'anira nyumba yosungiramo katundu ku Brampton. Ndi iwo amene anawapatsa dzina loti Agogo a Kumwezi. Pa chakudya cha Pasaka chaka chotsatira kufika kwathu, ine ndikutsuka mbale m'khitchini, ndinamva a Makwinja akufuula:

"Madala, roketi yobwerera yokha ngati nkhunda? Inutu mukanakhala mlaliki, tchalitchi chikanadzaza!"

Anthu anaseka mpaka kugunda matebulo. Agogo anadikira kuti phokoso lithe.

"A Makwinja, mu Ogasiti kuli chinkhoswe cha mwana wa a Phiri. Nizabwera nalo pepala. Dzina langa lilipo, lolemba na dzanja langa. Nikalephera, muzaniitane wabodza, nizavomera."

Ndinamva zonsezo. Ndikufuna kuti zidziwike kuti ndinamva.

Mu Juni amayi anapatsidwa ntchito yosoka zovala zofanana za amayi khumi ndi awiri a kuchikazi pa chinkhoswe chomwecho: bulauzi ya mikono yofufuma ndi siketi yaitali, za nsalu ya chitenje yobiriwira imene inabwera m'sutikesi ya munthu kuchokera ku Lilongwe. Anafunika pepala lalikulu lodulira patani, ndipo anandituma kwa agogo. Tsikulo bondo linali litawavuta, choncho anandilozera ali pamwamba pa masitepe: mapepala okulungira katundu, akhaki, amene anali pafupi ndi ng'anjo. Ndinawapeza, koma anali atamwa chinyezi, ndipo ankang'ambika ndikangowagwira. Kuseri kwa shelefu kunali chubu cha katoni. M'kati mwake munali pepala lolimba, losalala, lalikulu kuposa chitseko. Ndinalitambasula pang'ono chabe. Ndinaona mizere yofooka yokhotakhota, timivi ndi manambala, ndipo ndinadziuza kuti ndi thanki ya madzi ya ku kampani ya zitsulo, monga mapepala ena ambiri amene anali m'chipindamo. M'mutu mwanga roketi inali chinthu chosongoka chokhala ndi moto kumatako.

Sindinalakwe chifukwa chosamva malangizo. Ndinawamva bwino lomwe. Kwathu pepala linali chinthu chogwiritsa ntchito: kukutira makope, kukulungira mandasi, kuyatsira mbaula. Ndinaona pepala labwino, ndinafuna kuti amayi andiyamikire, ndipo masitepe khumi okha anali pakati pa ine ndi munthu woti ndimufunse. Sindinawakwere. Ndinabwezera chubu chopanda kanthu pamalo pake, n'kutulukira khomo lakumbuyo.

"Ili ndiye pepala!" anatero amayi, akulisisita ndi chikhato. Analiyala chafufumimba pansi pa chipinda chochezera, najambula kumbuyo kwake koyera: kutsogolo kwa bulauzi, msana, mkono, kolala, ndi mbali ziwiri za siketi. Wodula ndinali ine, ndi sizasi yawo yaikulu yakuda imene palibe wina ankaloledwa kuigwira. Ndikukumbukira kulira kwake kokoma podutsa m'pepala lolimbalo. Zotsala amayi anazipinda n'kuziika m'jumbo limodzi ndi patani, pakuti sankataya kanthu; ankati zidzathandiza podula matumba. Miyezi iwiri nyumba yathu inanunkha nsalu yatsopano ndi simbi yotentha, makina akulira, amayi a misinkhu yonse akubwera kudzayesa ndi kudandaula kuti tepi ya amayi anga ndi yabodza.

Kutatsala milungu iwiri kuti chinkhoswe chichitike, ndinapita kukakolopa monga mwa masiku onse. Ndinapeza chipinda chapansi chili mbwee: makatoni otsegula, mabuku pansi, shelefu itakokedwa. Agogo anali atakhala pa sitepe yomaliza, opanda tayi, chubu chija chili pa miyendo. Kanali koyamba kuona khosi lawo, ndipo linali lowonda ngati la mwana.

"Nangondo, sunaone pepala linali muno?"

Mtima wanga unadziwa zonse nthawi yomweyo. Pakamwa panga panati: "Ayi, agogo."

Anasuzumira m'chubumo kachiwiri, ngati kuti pepala lingabisale m'menemo. "Kapena mai wa m'nyumba muno anataya asanamwalire. Kapena nakalamba chabe."

Nditabwerera kwathu ndinatsegula jumbo la amayi n'kutembenuza patani ya mkono. M'mphepete mwake munali kabokosi ka mizere yowongoka, ndipo m'kabokosimo, m'zilembo zazing'ono zoima ngati asilikali, munali dzina la agogo, litabooledwa ndi mapini a amayi.

Ndinakhala chete milungu iwiri. Ndinkaopa amayi, amene mkwiyo wawo unali wopanda phokoso koma wautali ngati chilimwe. Ndinkaopanso kutaya dzina langa la mwana wolongosoka, limene ndinkalinyadira kwambiri. Ndinadzinamiza kuti a Makwinja adzaiwala.

Chinkhoswe chinachitikira m'holo ya pansi pa tchalitchi, Loweruka masana, kukutentha. Popeza nkhuku zamoyo sizikanaloledwa kulowa, tambala ndi msoti zimene ankhoswe anasinthana zinali zogula ku sitolo, zoundana ngati miyala, zitamangidwa maliboni, ndipo anthu analulutira chimodzimodzi. Amayi khumi ndi awiri aja analowa akuvina mu zobiriwira zawo, mikono itafufuma bwino. Jumbo la patani linali pansi pa mpando wa amayi anga, chifukwa mayi wina wa ku Markham anali atapempha kuti abwereke.

Anthu atakhuta, a Makwinja anagogoda tambula ndi supuni.

"Tisanabalalike! Agogo a Kumwezi, roketi ija yapakingidwa kuti? Kapena aikhanselanso?"

Agogo anaimirira pang'onopang'ono, atagwira tebulo. Tayi inali m'malo mwake.

"Sininalipeze," anatero. "Ninalonjeza, nalephera. Kambani zimene mufuna kukamba."

Sanawonjezere chifukwa chilichonse. Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu amene atsimikiza chimene ankachiganizira kale. Ndinaona mayi wina akugwedeza mutu mwachisoni, ndipo chisoni chimenecho chinali choipa kuposa kuseka. Munthu amene sanajambulepo mzere wabodza ankakhala pansi ngati wabodza, ndipo m'holo yonseyo munali munthu mmodzi yekha wodziwa choona.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza. Ndikukumbukira kuzizira kwa simenti pa mawondo anga pamene ndinagwada patsogolo pawo, jumbo lili m'manja.

"Agogo, pepala lanu ndinatenga ndine. Ndinalidula patani. Munandifunsa, ndinanama."

"Iwe!" Liwu la amayi linadutsa holo yonse. Kenaka anaona jumbo, nayang'ana mikono ya amayi obiriwira aja, ndipo anagwira pakamwa.

Agogo sanandiyang'ane. Anatulutsa chidutswa chimodzi, nachitembenuza, nachigwira kwa nthawi yaitali. Amene anayamba kulankhula ndi amayi, ndipo analankhula monga telala.

"Chotsani mbale pa tebulo ilo. Pukutani, pali mafuta. Bambo Sakala, ndipatseni. Ndinaliyala ndine, ndikudziwa pamene chilichonse chinachoka."

Anayala zidutswazo, mizere ya agogo ili pamwamba. Siketi ziwiri m'litali, msana wa bulauzi pakati, kolala pa ngodya, mkono pansi kudzanja lamanja. Zotsala zija anaziwongola ndi chikhato n'kuzilowetsa m'mipata, amayi ena akuthandiza ndi kukangana: "Ayi, mayi Phiri, tembenuzani, onani mzere uwu ukukumana ndi uwo!" Pang'onopang'ono chinthucho chinatuluka pa tebulo la tchalitchi, pakati pa mabotolo a zakumwa: chonenepa, chozungulira kumunsi, chodzaza ndi mabowo a mapini, chili ndi mipata pamene sizasi inadya. Agogo anachotsa pensulo pa khutu nayamba kuloza, osakhudza pepala. Apa mafuta. Apa katundu. Apa pamene pankayenera kukhudza madzi potera.

A Makwinja anavala magalasi, nawerama pa patani ya mkono, nawerenga dzina lija mokweza, chilembo ndi chilembo. Anadzuka akukanda m'mutu.

"Madala, ndagonja. Mundikhululukire pamaso pa anthu onsewa. Komatu ndi yonyansa! Ngati mphika wa thobwa!"

"Inali yonyamula katundu, a Makwinja. Siinali yofunsira mbeta."

Holo inaphulika ndi kuseka. Mayi wina wonenepa wa kuchikazi anakweza mikono yake yobiriwira m'mwamba: "Ndiye kuti ine ndavala roketi?" Mnzake anamuyankha kuti asadandaule, ndi yobwerera, amuna ake asayambe kusangalala. Agogo sanaseke nawo. Anatembenukira kwa amayi anga.

"Mai, patani iyi mwasewenzetsa kangati?"

"Kakhumi ndi kawiri, bambo."

"Ingasewenzenso?"

"Mpaka itatha yokha. Ndi pepala lolimba."

Anagwedeza mutu pang'ono. "Tinaijambula kuti izipita na kubwerera. Kwa eni ake siinapite olo kamodzi."

Wina angaganize kuti nkhani inathera pa kuseka kumeneko. Sizinali choncho, ndipo ndikuthokoza kuti sizinali choncho. Amayi sanandilankhule masiku anayi, kupatula kundituma. Lolemba agogo anandiitanitsa. Ndinawapeza m'chipinda chapansi atatsitsa thabwa lawo lojambulira, limene linakhala zaka zambiri litatsamira khoma. Pa thabwapo panali pepala latsopano loyera, rula yaitali, kampasi, ndi kampeni.

"Kudula pepala ni ngozi ya mwana," anatero. "Kunama ni ntchito ya munthu wamkulu. Manje popeza wakula, uzalipira monga wamkulu. Uzajambula lonse, kuyambira pa ngodya iyi."

Ndinajambula Loweruka lililonse, nditamaliza kukolopa, kuyambira masamba a mitengo akufiira mpaka chipale chofewa chitasungunuka. Mwezi woyamba sanandilole kujambula roketi. Ndinkangosongola mapensulo ndi kulemba manambala mpaka atafanana msinkhu. Mapepala atatu anawakana, limodzi nditatsala pang'ono kumaliza, chifukwa chikhato changa chinapaka kadontho kakuda pakati pake. Ndinalira, ndipo anandipatsa kansalu koti ndipukutire maso kuti misozi isagwere pa thabwa. Ankakhala pambali panga ndi kapu ya tiyi wopanda mkaka, ng'anjo ikulira, akundiuza mayina a anzawo a mu ofesi ija, amene ambiri anamwalira osaona chilichonse cha zimene anajambula chikuuluka.

Chimene chinandiphunzitsa koposa ndi mipata. Panali malo asanu pamene sizasi inadya manambala, ndipo tizidutswa take tinasesedwa kalekale. Ndinawapempha kuti angondiuza nambala yoyandikira, popeza palibe amene adzapange roketiyo, ndipo palibe amene adzadziwe.

"Sinikumbukira," anatero. "Siya poyera. Chimene sudziwa, usalembe."

Pepala lachinayi analilandira. Analiyang'ana nthawi yaitali ndi galasi lokulitsa zinthu, kenaka anandilozera kabokosi ka pa ngodya kuti ndilembe dzina langa pansi pa lawo. Ndipo anatenga zidutswa zakale zija, nazipinda bwino, nazibwezera m'jumbo.

"Kapatse amai ako. Izisewenza."

Patani imeneyo inayenda. Inapita ku Markham, inabwerera. Inapita ku Brampton kwa akazi a a Makwinja, inabwerera itamatidwa ndi selotepi. Agogo ankafunsa za ulendo uliwonse monga munthu wofunsa za mwana wake wa ku tauni. Anamwalira zaka za m'ma 1990 zisanathe, ine nditamaliza maphunziro a zojambula mapulani ku koleji. Pepala langa lija ana awo analitenga, ndipo n'koyenera kuti likhale kwa iwo.

Lero ntchito yanga ndi yoyendera mapulani a nyumba asanapite kwa omanga. Ndikudziwa kuti achinyamata a mu ofesi amandiopa, ndipo sindipepesa. Wina akandibweretsera nambala yongoganizira, ndimaizunguliza ndi pensulo n'kumubwezera pepala lake. Amene walakwitsa n'kubwera yekha kudzandiuza sindimukalipira; ndimamukokera mpando.

Tsiku limene ndinaona pa kanema roketi yeniyeni ikubwerera kuchokera kumwamba n'kutera choimirira, ana anga anakuwa ndi kuwomba m'manja. Ine ndinapita ku chipinda, n'kutsegula kabati momwe ndimasungira sizasi yakuda ya amayi. Mwa zidutswa zonse zija chinatsala ndi chimodzi, cha mkono, chofewa tsopano ngati nsalu, dzina la agogo likuwerengekabe pakati pa mabowo a mapini. Sindinachiike m'felemu, ngakhale ambiri andilangiza kutero. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anali ndi chinkhoswe chake, ndipo mikono ya diresi lake ndinaidulira pa chidutswa chomwecho. Nditamaliza ndinachotsa mapini, ndinachiwongola ndi chikhato, n'kuchibwezera m'kabati, kuti chidikire ulendo wina.